Ndinati Mphindi Zisanu

Anthu akamandifunsa za ku America amafuna ndiwauze za chipale chofewa, za misewu yodutsana m'mwamba ndi za masitolo osatseka. Ndimawauza, n'kuseka nawo. Za kalavani ya a Greg sindinauzepo munthu kuno kwathu.

Ndinachoka ku Mponela mwana wanga Tadala ali sitandade 4. Bambo ake anali atamwalira, ndipo ndinamusiya m'manja mwa mkulu wanga. Pa bwalo la ndege sanalire. Anangogwira chitenje cha mkulu wangayo n'kumandiyang'ana.

"Ndibwera Khirisimasi isanakwane," ndinamuuza choncho.

Viza yanga inali ya mlendo, ya miyezi yochepa chabe. Miyeziyo inatha, ine sindinabwerere, ndipo kuyambira pamenepo ndinakhala munthu wopanda mapepala.

Ndinafikira ku Lanham, m'chipinda cha pansi pa nyumba ya eni ake. Tinkakhalamo amayi anayi, tonse osamalira okalamba, mabedi ali atatu, poti nthawi zonse mmodzi ankakhala ali kuntchito. Kazenera kake kanali kufupi ndi denga, moti tinkangoona mapazi a anthu odutsa. Wamkulu pa ife anali Amai Tembo, ochokera ku Chipata koma okulira ku Lusaka. Ndiwo anandiphunzitsa kukwera basi, kunyamula nkhalamba osathyoka msana, ndi kuseka pamene bwana wakutukwana. Iwo ankatchula apolisi kuti akapokola.

"Amake Tadala, mvera," ankatero. "Kuno usakambe maningi. Ukaona kapokola, yenda chabe monga uli na kwamene uyenda. Bakakufunsa, yankha pang'ono."

Zaka zinapita motero. Ndinkatumiza kumudzi zimene ndapeza, mkulu wanga n'kumandimangira nyumba ya malata. Tadala ndinkamuona akukula pa foni. Mawu ake kwa ine anali omweomwewo sabata ndi sabata: ali bwino, sukulu ili bwino, nsapato walandira. Akatero ankapereka foni kwa mkulu wanga.

Ntchito imene ndinakhalitsa inali ya ku Fairfax, kwa a Greg ndi akazi awo a Denise. Ndinkagona komweko masiku asanu pa sabata, kusamalira bambo a Greg, a Walter, amene anali ndi matenda oiwalaiwala. Ine ndinkawatchula kuti Agogo, mpaka anazolowera n'kumavomera. Anali munthu wamtali, wowonda. Pa unyamata wawo ankagwira ntchito yoyeza malo, kuyenda m'tchire tsiku lonse. Mutu unali utapita koma miyendo inakana kukalamba. Batani la malaya linkawakanika, supuni inkawagwa m'manja, dzina la mwana wawo analiiwala, koma mukawatsegulira chitseko ankayenda moti ine ndinkachita kuthamanga. N'chifukwa chake zitseko zonse za nyumbayo zinali ndi mabelu.

Ndinkawasambitsa, kuwameta ndevu, kuwasintha matewera. Anthu ena akawagwira ankamenya. Ine ndikati, "Agogo, kwezani mkono," ankakweza.

Chaka china nyengo yotentha itayamba, a Greg anabwera ndi kalavani ataikoka kumbuyo kwa galimoto lawo. Sindinaonepo chinthu chotero. Pakati pake inali nyumba yeniyeni ya makoma olimba, muli chitofu cha gasi, fuliji, tebulo ndi kachimbudzi. Koma kutsogolo ndi kumbuyo kunali zitseko zikuluzikulu zimene ankazigwetsa ngati chitseko cha kumbuyo kwa lole, n'kusanduka mabedi, pamwamba pake n'kukungika chinsalu cha tenti. Wogona pamenepo amakhala kunja kwa makoma, chomulekanitsa ndi tchire n'chinsalu chokha.

Atsikana awo awiri anadumphadumpha ndi chimwemwe. A Greg anati banja lonse lipita kukagona kumapiri masiku atatu, Agogo ndi ine tomwe.

"Adokotala anati asamasinthidwe malo," anatero a Denise.

"Bambo ankatitengera kumapiri amenewo tili ana," anayankha a Greg. "Mwina akakaona mitengo ija akumbukira kena kake. Sindikudziwa ngati chaka chamawa adzakhalepo."

Ine zinandidabwitsa kuti anthu a nyumba ya zipinda zisanu akukasangalala pogona m'tchire ndi kuphika pa nkhuni. Kwathu munthu amagona panja pakagwa maliro. Nditawauza Amai Tembo sanaseke.

"Usayende. Kamba kuti wadwala."

"Ndikakana apeza wina, Amai."

Anandipatsa jekete lawo la mvula.

Tinanyamuka Lachisanu m'mawa kulowera kumadzulo. Nyumba zinayamba kuchepa, msewu n'kumakwera mokhotakhota, kalavani ikugwedezeka kumbuyo kwathu. Netiweki pa foni yanga inkatha pang'onopang'ono mpaka inazimiririka. Pa geti lolowera m'nkhalango panaima mlonda wa yunifolomu, mfuti ili m'chiuno. Anasuzumira m'galimoto n'kutiwerenga ndi maso. Ine ndinaweramira kwa Agogo ngati ndikuwakonza lamba. Mlondayo anapereka pepala lojambulidwa chimbalangondo, nati tisasiye chakudya panja ngakhale chikhutu cha nthochi. Kenako anayang'ana kalavani.

"Yamtundu uwu muzisamala nayo," anatero. "Chinsalu sichitchinga chilichonse."

Malo athu anali kumapeto, pansi pa mitengo italiitali imene inkabisa dzuwa. A Greg anavutika kulowetsa kalavani chobwerera, a Denise akuwakuwira kuti kumanja, kumanzere, mpaka anakangana. Anaika matabwa kunsi kwa mateyala, n'kugwetsa mabedi aja. Pamene onse anali otanganidwa, Agogo anaima chilili, mutu uli m'mwamba, akununkhiza mpweya. Kenako anayamba kutchula mayina a mitengo umodziumodzi, akuloza ndi chala. Munthu amene kwa miyezi sankatha kulumikiza mawu atatu! A Greg anasiya nyundo pansi n'kupukuta misozi.

"Mwaona?" anauza akazi awo. "Mwaona?"

Koma Agogo anatembenukira kumunsi, kumene kunkamveka mkokomo wa madzi patali, n'kunena modekha: "Joan ali kumtsinje. Akutidikira."

A Joan anali akazi awo. Anamwalira ine ndisanafike n'komwe ku America.

Agogo anapatsidwa bedi la kumbuyo, ine langa linali tebulo limene linkatsitsidwa n'kuyalapo matiresi, pafupi ndi chitseko. Ndikuyala zofunda ndinaona zipi yaitali pa chinsalu, cha kumutu kwa Agogo. Ndinawaitana a Greg.

"Imeneyo n'njothawira moto ukabuka," anatero. "Musadandaule. Zala za bambo sizingagwire kanthu kakang'ono choncho. Inuyo mukudziwa."

Ndinkadziwadi. Ndinali ine wowamanga mabatani m'mawa uliwonse.

Kutacha tinapeza bokosi la chakudya la anthu oyandikana nafe litang'ambidwa, zitini zili mbwee, pamatope pali mapazi aakulu a zikhadabo. Atsikana aja anajambula zithunzi akuseka. Ine chakudya cha m'mawa sichinandilowe. Tsikulo kunatentha modabwitsa, kutentha konyowa kokanirira pakhungu, mphepo osawomba ngakhale pang'ono. Cha m'ma leveni anthu ena anayamba kupinda matenti, akuti wailesi yachenjeza za mvula yamkuntho madzulo. A Greg anayang'ana kumwamba n'kunena kuti idutsira kumpoto.

Titadya nkhomaliro iwo, akazi awo ndi ana anapita kukaona mathithi, ulendo wa pansi. Ine ndinatsala ndi Agogo. M'mawa wonse anali akukokera kumunsi, ine n'kumawabweza, moti anali atatopa. Ndinawamwetsa mankhwala, ndinawavula nsapato, anagona. Ndinakhala pambali pawo mpaka anayamba kuliza mkonono.

Pafupi ndi zimbudzi za pamalopo panali mwala waukulu, malo okhawo amene foni inkagwira. Ndinati ndingokaona mauthenga. Ndinakhoma chitseko cha kalavani ndi kiyi, kiyiyo n'kuika m'thumba. Ndili pamwalapo ndinkangoona denga la kalavani pakati pa masamba.

Foni itagwira inayamba kunjenjemera osaleka. Tadala anali ataimba kasanu ndi kawiri. Chichokereni ine kumudzi, mwana ameneyu anali asanayambepo wandiimbira yekha.

Nditamuimbira, anayankha isanalire n'komwe. Kwathu kunali kutangoda kumene.

"Amayi," anatero monong'ona, kenako anayamba kulira.

"Tadala, chachitika n'chiyani? Uli kuti?"

"Kuseri kwa bafa. Amayi aakulu sakudziwa."

"Sakudziwa chiyani?"

Mawu ankatuluka pang'onopang'ono. Anali ndi pakati, miyezi inayi. Anali folomu 3. Mnyamatayo anakana, n'kuthawira ku Lilongwe. Iye anali atamanga mimba ndi mpango kwa milungu ingapo. Kenako ananena china.

"Ndagula mankhwala a makoswe. Ali m'manjamu. Ndimangofuna ndikutsanzikeni."

Sindikukumbukira zonse zimene ndinalankhula. Ndinagwada pamwala paja. Ndinamuuza za tsiku limene anabadwa, mmene mvula inatsekera msewu wa kuchipatala. Ndinamupepesa chifukwa cha Khirisimasi ija ndi zina zonse zimene zinadutsa. Iye anandikalipira, anandiuza mawu amene anawasunga zaka zonsezo, kuti ndinamusinthanitsa ndi malata, kuti atatha msinkhu analangizidwa ndi anthu a eni ake. Ndinavomera zonse. Ndinkangoti, "Lankhula, mwanangu, ndikumva," chifukwa ndinkadziwa kuti akamalankhula sakumwa. Kawiri konse ndinadzutsa mutu n'kuyang'ana denga la kalavani. Linali pomwepo. Kumadzulo kunayamba kugunda mabingu, chapatali.

Pomaliza ndinamuuza kuti apite kuchimbudzi foni ili kukhutu, akaponye kapepala ka mankhwalawo m'dzenje ine ndikumva. Anapita. Ndinamuuza kuti akapereke foni kwa mkulu wanga, ndipo sindinadule mpaka nditamva mkulu wanga akuti, "Ndamugwira, ali pano, usaope."

Nditayang'ana nthawi, panali patapita pafupifupi ola lathunthu.

Ndinathamanga. Chitseko ndinachipeza chokhoma monga ndinachisiyira, mtima unakhala pansi. Ndinatsegula, ndinalowa. Bedi la kumbuyo linali lopanda munthu. Zipi ija inali yotsegula kuyambira pamwamba mpaka pansi, chinsalu chikulendewera kunja. Nsapato za Agogo zinali pomwe ndinaziika.

Ndinazungulira kalavani ndikukuwa, "Agogo! Agogo Walter!" Ndinalowa m'tchire pang'ono, ndinabwerera, ndinalowanso mbali ina. Mitengo yonse inali yofanana. Ndinathamangira kwa mkulu wina amene ankayang'anira malo ogonawo, iye analankhula pa wailesi ya m'manja, ndipo posakhalitsa magalimoto a alonda a nkhalango anafika. A Greg ndi banja lawo anatulukira akuthamanga, wina atakawauza panjira.

Wamkulu wa alondawo anali bambo wa imvi, wolankhula mofatsa. Anayala mapu pa boneti ya galimoto n'kundiitana. Yunifolomu, mfuti, kabuku ndi cholembera, zonse zinali patsogolo panga, a Greg ataima pambali akupuma mwawefuwefu.

"Mayi, munawasiya okha nthawi yaitali bwanji?"

Sindinaganize. Pakamwa panayankha pokha.

"Mphindi zisanu. Ndinangopita kuchimbudzi."

Anagwedeza mutu, anayang'ana wotchi, n'kujambula kamzere kozungulira pa mapu, kakang'ono ngati kachivundikiro ka botolo.

"Munthu wa msinkhu wawo, wopanda nsapato, sangapitirire apa," anauza a Greg. "Tiwapeza."

Anagawa anthu ake, pamodzi ndi ena ogona pamalopo amene anadzipereka. Anayenda mondondozana, akuitana dzina, kusuzumira pansi pa zitsamba ndi kuseri kwa miyala. Onse ankafufuza m'kati mwa kamzere kaja. Ine ndinaima pafupi ndi galimoto ndikuyang'ana mapu. Mtsinje unali kunja kwa mzerewo, kutali ndithu, ndipo ndinkadziwa mmene miyendo ija inkayendera.

Ndinadziuza kuti awapeza pompano, bodza langa silipweteka munthu. Anthu ankapita n'kubwerera chimanjamanja. Kumwamba kunada ngati pansi pa mphika. Masamba anayamba kutembenuka, kuonetsa kunsi kwake kotuwa. A Denise anabwera n'kundigwira paphewa.

"Si mlandu wanu," anatero. "Aliyense amapita kuchimbudzi."

Ndinachoka n'kukakwera pamwala paja, n'kuimbira Amai Tembo. Ndinawauza zonse mwachidule, za Tadala, za zipi, za mphindi zisanu.

"Manje papita nthawi bwanji kuchokera pamene unanama?"

"Ola lina."

"Ukakamba zoona bazakufunsa mapepala."

"Ndikudziwa."

"Na mwana wako afuna thandizo yako manje kupambana kale."

"Ndikudziwa, Amai. Ndiuzeni chochita."



"Zaka zonse izi nakhala nikuuza kuti usakambe," anatero. "Lelo sinizakuuza chilichonse. Nizagwada chabe pano nipemphere."

Ndikutsika pamwalapo madontho oyamba anagwa, akuluakulu, ozizira. Ndinapita molunjika kwa bambo wa imvi uja. A Greg anali pomwepo.

"Bwana, ndinanama," ndinatero. "Sizinali mphindi zisanu. Linali pafupifupi ola. Ndinali pa foni. Ndipo kuyambira dzulo akhala akunena kuti akazi awo ali kumtsinje."

A Greg anandiyang'ana ngati sakundidziwa. Kenako nkhope yawo inafiira.

"Ola? Ndiye mwaima apa nthawi yonseyi mukutionerera tikufufuza pamalo olakwika?"

Anasendera kwa ine, a Denise anawagwira mkono ndi manja awiri. Mlonda uja sanakweze mawu. Anayang'ana wotchi, anajambula mzere wina waukulu umene unameza mtsinje ndi chigwa chonse, n'kuyamba kulankhula mofulumira pa wailesi, kuitanitsa agalu ndi anthu ena. Atamaliza anatembenukira kwa ine.

"Tilankhulana pambuyo pake. Musachoke pamalo pano."

Mvula ija inafika ndi ukali. A Greg ndi a Denise anatsikira kumtsinje ndi alonda, ine anandiuza kuti ndikhale m'kalavani ndi ana, poti panalibenso wina. Mphepo inkamenya zinsalu za mabedi ngati ikufuna kuzizula, madzi akulowera pa zipi ija imene inakana kutsekeka. Nthambi yaikulu inathyoka n'kugwera patebulo la panja. Kalavani yonse inkagwedezeka pa matabwa ake. Atsikanawo anakhala pakona atakumbatirana. Wamng'ono, wa zaka zisanu ndi zitatu, amene ndinkamuluka tsitsi Lamlungu, anandifunsa osandiyang'ana:

"Agogo afa chifukwa cha inu?"

"Sindikudziwa," ndinamuyankha.

Alonda aja anawapeza Agogo dzuwa litatsala pang'ono kulowa. Galu ndiye anawanunkhiza, kumunsi kwenikweni, atakhala pakati pa mizu ya mtengo m'mphepete mwa mtsinje, madzi atawafika m'chiuno. Anali moyo. Anawanyamula pa machira mpaka pamene panaima ambulansi. Mapazi anali ong'ambikang'ambika, milomo yabiriwira, thupi lonse likunjenjemera. A chipatala anafuna kuwavula malaya onyowa koma iwo ankamenya ndi kukuwa. A Greg anayesa, anawakankha. A Denise ndiwo anatembenuka n'kundikodola.

Ndinagwada pambali pa machira.

"Agogo, kwezani mkono."

Anakweza. Ndinawavula, ndinawapukuta, a chipatala n'kuwafunditsa. Anandigwira dzanja ndi zala zozizira ngati chitsulo, osafuna kulisiya, mpaka a Greg anachita kuzitanyula chimodzichimodzi kuti ambulansi inyamuke.

Bambo wa imvi uja anandiitanira m'galimoto lake. Analemba dzina langa, kumene ndinkakhala, ndi zonse zimene zinachitika. Anandifunsa amene ndinkalankhula naye pa foni, ndinamuuza, ndi chifukwa chake chomwe. Cholembera chinaima pang'ono, kenako chinapitiriza. Atapempha chiphaso ndinamupatsa pasipoti yanga ya Malawi. Anatsegula masamba mpaka anafika pa chidindo chakale cha viza ija, analiyang'ana tsambalo nthawi yaitali, n'kutseka.

"Mwina ena adzakuimbirani," anatero pondibwezera.

Mawa lake a Denise anandiperekeza pa galimoto. Tinadutsira ku Fairfax kukatenga zovala zanga, kenako anakanditula pa siteji ya basi ku Annandale. Ndikutsika ndi pamene anatsegula pakamwa.

"Akuti mukanapanda kunena, akanafera mumtsinje muja. Akutinso mukananena msanga, akanawapeza mvula isanayambe." Anapukuta m'maso. "Greg sakufuna kudzakuonaninso. Ine sindikudziwa chimene ndikufuna."

Agogo Walter anagwidwa ndi chibayo. Anakhala m'chipatala milungu iwiri, n'kumwalira. Ndinamva kudzera pa uthenga wa mizere iwiri wochokera kwa a Denise. Kumaliro sindinaitanidwe.

Za ola limene ndinali pa foni ndi mwana wanga, ndikhoza kukaima nalo pamaso pa Mulungu n'kufotokoza. Koma ola linalo, limene ndinaima pafupi ndi mapu nditatseka pakamwa, ndilibe mawu ake. Ndayesa kuwafuna m'mapemphero, kutchalitchi cha ku Lanham ndi kuno komwe, sindinawapeze.

Ndinabwerera m'chipinda cha pansi chija n'kumadikira. Nambala yachilendo ikaimba, ndinkazengereza kuiyankha. Mapazi a nsapato zakuda akaima pa kazenera, ndinkasiya kutafuna. Chikwama changa chinkakhala chomangamanga. Palibe anabwera. Palibe anaimba. Mpaka lero sindidziwa chimene bambo wa imvi uja analemba kapena chimene anasiya kulemba. Ndinapeza ntchito ina, kwa mayi wina wachikulire wosayenda, koma manja anga sanalinso omwe aja. Akagona masana ndinkakhala pampando ndikuwayang'ana pachifuwa, osapita ngakhale kukamwa madzi.

Patatha chaka ndi miyezi ndinagula tikiti. Ndinkadziwa kuti ndikatuluka, dziko limenelo silidzandilolanso. Amai Tembo anandiperekeza ku bwalo la ndege atavala yunifolomu ya kuntchito, poti ankachokera komweko.

"Ukafika unitumire fungo ya mvula yoyamba," anatero akuseka, misozi ikutsika. Iwo akadali konko. Mwana wawo anakwatira ku Lusaka iwo akuonera pa foni.

Ku Mponela ndinapeza mkulu wanga atakalamba, akuyenda ndi ndodo. M'nyumba ya malata ija munali mwana wake wamwamuna ndi banja lake, ndipo anandipatsa chipinda chimodzi ngati mlendo. Sindinalimbane nawo. Achibale ankabwera kudzandiona, maso ali pa masutikesi, ndipo atazindikira kuti mulibe zambiri anasiya kubwera. Tadala ndinamupeza ndi kamtsikana koyenda kale, akusoka zovala pa khonde la sitolo ina. Tadala ankatchula mkulu wanga kuti amayi. Kwa ine ankangoti "inu," mwaulemu, ngati mmene munthu amalankhulira ndi aphunzitsi.

Zinatenga miyezi kuti tizikhala pamodzi popanda wachitatu. Tsiku lina masana tinali pabwalo tikusenda mtedza wa mbewu, kamwana kake katagona pamphasa pakati pathu. Anayamba yekha, maso ali mu lichero.

"Tsiku lija ndinakuimbirani ndili kuseri kwa bafa, munali kuti? Ndinkamva mabingu."

"Ndinali kuntchito."

"Tinalankhulatu nthawi yaitali. Abwana anu sanakukalipireni?"

Ndinamuyang'ana. Anali ndi zaka makumi awiri zokha, ndipo anali atangoyamba kumene kuseka ngati anzake. Ndinaona kuti ndikamuuza, adzayamba kuwerengera yekha kuti moyo wake unagulidwa ndi chiyani, ndipo sadzaleka.

"Ayi, mwanangu," ndinatero. "Panalibe chimene ndinkachita. Ndinali nditangokhala."

Anagwedeza mutu, n'kukankhira lichero kufupi ndi ine kuti tizitapa pamodzi.